Kachitini ka Mapiritsi

Uthenga unandipeza kumsewu wa ku Likhubula ndikusenda chinanazi. Foni inalira m'chitenje, ndinayankha ndi dzanja lonata. "Anganga, ndakhoza. Ndine namwino." Mpeni uko, chinanazi uko, ine pakati pa msewu. Nthungululu yanga inakafika kuphiri la Chambe n'kubwerako. Mdzukulu wanga, wosiyidwa ndi malemu mwana wanga wamkazi, woleredwa ndi zinanazi zomwezi, namwino. Wa diresi loyera, wa kawotchi ka pachifuwa, namwino.

Ndinathamangira kunyumba ndikuimba. Amuna anga ndinawapeza pakhonde, miyendo atasanjika pamtondo. Bambo amenewa ananyamula katundu wa alendo kukwera phiri kuyambira unyamata mpaka imvi, ndipo phirilo linawadya mawondo. Chaka chimenecho anali atayamba kutupa, m'mawa nkhope, madzulo mapazi, mkodzo wongodontha.

Ndinati, "Bambo, mwachira. Mankhwala akubwera okha ndi miyendo yawo."

Iwo anaseka. "Abwere mkazi wanga wamng'onoyo adzandibaye jakisoni, iwe ndikusiye."

Kwathu kuno wodwala sitimuzonda chimanjamanja. Wina nthochi, wina thobwa, ndipo amene ali ndi mapiritsi otsala amawamanga pamfundo ya nsalu n'kubwera nawo. Onyamula katundu ndiye kuposa. Amagawana opha ululu ngati fodya, ena pokwera, ena potsika, ndipo kukana piritsi la mnzako n'kukana mnzakoyo. Mapiritsi onsewo ankathera m'kachitini ka majani a tiyi. A bipi ochokera kuchipatala cha ku boma nawonso ndinkawathira momwemo, poti timapepala tawo tinkanyowa ndi chiperoni. Tinkawadziwa ndi maonekedwe: ofiira a mawondo, oyera aang'ono a mutu ukamagunda. Mutu ukaleka, oyerawo ankapuma. Ofiira sankapuma.

Mtsikanayo atafika anagwada, kulonjera, kenako anadina chala paphazi la agogo ake. Chala chinachoka, dzenje linatsala.

"Anganga, akumwa chiyani?"

Ndinabweretsa kachitini monyada, ndinakhuthulira m'lichero. Ofiira, oyera, achikasu, ena osweka, ena ofufutika. Ndinkadikira andiyamikire. Iye analoza ena.

"Awa anachokera kuti?"

"Kwa anzawo a kuphiri."

"Nanga awa?"

"Alamu anakagula kumalire."

"Anayamba liti kumwa ofiirawa?"

Amuna anga anayankha okha. "Amako asanabadwe, mkazi wanga. Ukuganiza katundu uja ankakwera ndi pemphero?"

Sanaseke. Anati, "Agogo, chinthu choyamba chimene anatiphunzitsa n'chakuti usanamupatse munthu mankhwala, udzifunse: ndi a yani, ndi mankhwala anji, amwe angati, nthawi yanji, alowere pati. M'licheromu palibe funso limene ndingayankhe. Opha ululuwa ukamamwa zaka ndi zaka amapweteka impso, makamaka munthu wa bipi. Ndipo a bipi sadikira mutu, amamwedwa tsiku lililonse."

"Ndiye uwataye? Mphatso za anzanga?"

"Ndiwatenga ndikawasiye kuchipatala. Inunso ndikutengani."

Kutacha tinakwera minibasi ya ku boma. Anawatenga magazi, tinadikira, adokotala anayankhula ndi mtsikanayo Chingerezi chachitali. Ine Chingerezi sindimva, koma nkhope ya mwana amene ndinamusambitsa ndimaimva. Panja anandikhazika pansi pa mtengo. Impso zatha, anatero. Makina otsuka magazi ali ku Blantyre, odikira ndi ambiri, ndipo mtima wa agogo ndi wofooka.

Ndinati, "Koma iwe ndiwe namwino. Apatse ena, abwinowo."

"Anganga, obweza impso kulibe. Chimene ndingathe n'kuwasamala kuti asavutike."

Ndinamuyang'ana diresi lake. Loyera ndithu, lokongola ndithu. Zinanazi zonse zija ndinkasenda ndikuti tsiku lina m'nyumba mwathu mudzalowa wodziwa. Analowadi, koma anapeza kachitini katamutsogolera.

Kunyumba anakonza zonse mwatsopano. Mankhwala alionse m'kapepala kake, dzina la agogo ake pamwamba, chithunzi cha dzuwa lotuluka ndi cha mwezi kuti ine ndisasokoneze. Timapepalato anatiika m'botolo lotseka bwino. Anandiphunzitsa kuwapatsa ndi madzi, kuima pomwepo mpaka ameze, ndi kusawonjezera ngakhale atandinyengerera. Ndinaphunzira msanga. Ndimachita bwino mpaka lero, ngakhale mapazi sakuphwa, ndipo chakudya akungochiyang'ana.

Phwando lokondwerera kukhoza kwake ndinafuna kuliletsa. Nyemba za kalongonda ndinali nditaphika kale, anthu nditaitana kale, koma pakhosi panalibe nyimbo. Amuna anga anakana. "Iwe, mwana wakhoza. Ndikufuna ndione tchopa ndi maso anga, osati mudzandivinire ndili chigonere."

Ndiye tinawatulutsira mpando pansi pa mpeyala, ndipo anthu anabwera. Anabwera kudzasangalala ndi namwino, anabweranso kudzazonda wodwala, ndipo wodwala sazondedwa chimanjamanja. Ndinaona mfundo pansalu, ndinaona timapepala m'matumba a malaya. Mdzukulu wanga anaima pakhomo ndi kachitini kaja. Aliyense ankamulandira ndi manja awiri, kugwada, kuthokoza, kuika mapiritsi ake m'kachitinimo, kutseka chivindikiro. Palibe amene anachititsidwa manyazi, ndipo palibe piritsi limene linafika pampando paja.

Ine ndinavina. Misozi ikutsika ndinavina, iwo akuwomba m'manja motopa ndinavina. Ndipo amene anabwera ndi awa, ndiwaimbe asaiwalike. Alamu a kumalire, ndi nkhuku ndi achikasu awo. Achemwali anga othyola tiyi, ndi thobwa. Apongozi achisilamu a golosale, ndi mpunga. Amayi a mvano, ndi nyimbo. Anzanga a zinanazi, mzere wonse wa kumsewu. Aphunzitsi amene anamugwiritsa mwanayo pensulo. Alonda a nkhalango. Ndi madoda a kuphiri, otsimphina okhaokha, wamtali wa ndodo, wamfupi wa chipewa, ndi woimba ng'oma uja amene mapazi ake, ndinaona ndikuvina, nawonso sankalowa m'nsapato.