Zilembo Zoyang'ana Kumbuyo

Simbi ija ndimaikumbuka, ee, simbi ya makala yokhala ndi katambala kachitsulo pachivundikiro. Inali ya amalume. Anabwera nayo kwathu ku Mnkhanya chaka chimene ndinayamba sukulu, atatopa ndi za m'tauni. Anabweranso ndi masefa a nsalu yopyapyala ndi zitini za inki yolimba ngati phala logona. Ntchito yawo inali yoika zithunzi pa masikipa, n'kumagulitsa kwa azungu obwera kudzaona nyama m'chilimwe.

Sankadinda pa sikipa penipeni ayi. Ankayamba papepala. Sefa pamwamba, inki aikoka ndi mphira, kwee, njovu yatuluka, pansi pake mawu. Inki imeneyo siuma yokha, ngakhale uiyanike padzuwa la m'chigwa muno lophulitsa miyala. Ikadali yaiwisi, ine ndinkawazapo ufa wa guluu, woyera ngati mchere, n'kugwedeza pepalalo kuti wotsala ugwe. Popanda ufawo njovu imasupuka pochapa koyamba. Ukachuluka, sikipa imathimbirira m'mbali mwa chithunzi. Kenaka pepala pamwamba pa mbaula pang'ono pokha, fungo ngati nsapato ya pulasitiki yagwera pamoto, m'mphuno kuwawa mpaka madzulo. Zosita ndi simbi amalume ankakachitira kumsewu wa azungu, kutali, ine osapitako.

Ndinkaimba powaza, mayo ine, ndinkaimba! Mpaka lero ndimaimba, adzukulu anga amati agogo ndi wailesi yosatha mabatire. Koma imvani zimene zinandionekera.

Papepala zonse zimadindidwa chotembenuza, kuti zikagona chafufumimba pa sikipa ziwongoke. Ine ndikanadziwa bwanji? Kusukulu tinkakhala pansi pa mtengo, khamu la ana, bolodi ili uko, ine wamfupi kumbuyo. Koma kunyumba zilembo zinkadutsa m'manja mwanga masana onse, zazikuluzikulu, zonyezimira. Zimenezo ndi zimene zinalowa m'mutu, n'kukhala phee.

Tsiku lolemba pamchenga ndi chala, ine ndinayambira kumanja kupita kumanzere, chilembo chilichonse chitafulatira. Ndinalemba mawu athunthu, anzanga akadali pa a ndi e. Ndinakhala monyadira, kudikira kuyamikiridwa. Aphunzitsi, munthu wochokera kumpoto, Chinyanja chawo cholemera pakamwa, anaima pamwamba panga. "Iwe, maso ako ali kunkhongo?" Ana onse anafa nako kuseka. Dzina langa linasanduka Chambuyo.

Ndinati, "Amalume amalemba chonchi." Rula inatsika pa zala. Anati ndikunamizira munthu wophunzira, woyankhula ndi azungu. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ndikayesa kuwongola, dzanja linkabwerera kumene linazolowera. Zala zinang'ambika, ndipo masana ufa wa guluu unkalowa m'mabalamo, kuyabwa ngati chitedze. Aphunzitsiwo sindiwakhululukira, ngakhale anali osadziwa. Mwana wolemba mawu athunthu, osamufunsa n'komwe kuti anawaona kuti?

Amayi anapita kukaonana ndi aphunzitsiwo. Anabwerako nsalu ili kukamwa. Akuti anawauza kuti mutu wa mwanayu ndi wopindika, asamataye sopo kuchapa yunifomu. Amayi sankadziwa kuwerenga, mapepala aja kwa iwo anali maluwa chabe. Anapita kwa mlongo wawo, mwini mbumba, wogamula za ana.

"Achimwene, mwanayu akuti anaonera kwa inu."

Amalume sanadzutse mutu pa sefa. "Alongo, sukulu si ya aliyense. Manja ake ndi abwino. Musiyeni kuno."

Ndinavina, anthu inu, ndinavina pabwalo mpaka nkhuku kuthawa! Rula yatha, Chambuyo watha. Chilimwe chonsecho ndinawaza ufa kuyambira m'mawa, azungu ali mbwee, mapepala osakwana. Mvula itagwa, misewu itatsekeka, sukulu inali itandipitirira. Sindinabwererenso. Lero pogulitsa thonje ndimadinda chala, uthenga wa pafoni amandiwerengera kamdzukulu kosadziwa n'komwe kumina. Za kutembenuka kwa zilembo ndinadzazimva ndili ndi mwana kumsana. Mawu amodzi okha a amalume akanakwana. Amodzi!

Masana ena aphunzitsi ankadutsa panjinga pafupi ndi khonde lathu, mapepala atayalidwa pamphasa, zilembo zonse zitafulatira ngati zanga. Amalume akangoona njingayo patali, ankadzuka msangamsanga n'kumawavundikira, limodzi limodzi, pakamwa pali kumwetulira.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi!"

Ine ndinkathamanga kukawathandiza kuvundikira, ndikuimba. Ndinkayesa tikuwateteza ku fumbi la njinga.