Nyimbo za Malemu Sizidukanso

Amuna anga ankatsogolera nyimbo za maliro ku Kapata. Mwana wathu wamkazi ankawajambula pa foni n'kumaika pa intaneti, anthu ambiri n'kumaonera. Kandalama kankabwera kuchokera kwa otsatsa malonda. Ine sindinkazitsatira zimenezo, sukulu ndinalekeza msanga.

Atamwalira, panapita miyezi ndisanalimbe mtima kuwamvanso. Tsiku lina ndikuswa nsawa pakhonde, ndinauza mwanayo kuti andiyatsire. Mawu awo anamveka, aja okoka pang'onopang'ono. Atafika pamene ife amayi timavomera, nyimbo inaduka. Panatulukira munthu wokuwa za kubetcha mpira.

"Ndani wawadula pakamwa atate ako?"

"Ndi otsatsa, amama. Ndiwo amatilipira."

"Unaonapo munthu akuitanira malonda pamaliro, nyimbo ili pakati? Uzichotse nyimbo zonsezo pa intaneti."

Alamu anga, ang'ono awo a malemu, atamva anabwera pa njinga. "Alamu, mukuthamangitsa khamu lonse lija? Ndani angalipire nyimbo ya maliro? Mwini maliro yemwe amaimvera ulere."

Ndinaseka, koma sindinasinthe.

Mwanayo anati pali njira ina: gulu la pa foni lopanda otsatsa, wofuna kumva amalowa n'kumapereka kangachepe pamwezi. Pamenepo ndinamvetsa. Imeneyo ndi mbale ya chipepeso. Sakakamiza munthu, amaponyamo ndi amene zamukhudza.

Masabata oyamba kunali zii. Ndinkaopa kuti amuna anga ndawaika m'manda kawiri. Kenako analowa mayi wina wa kuno kwathu amene amagwira ntchito ku Kitwe. Anatumiza mawu akuti pamaliro a amayi ake anthu anaimba ndime yoyamba yokha, yachiwiri palibe anaidziwa. Iye anaitana anzake, anzakewo anaitana ena a ku Lusaka ndi ku Joni.

Si ambiri. Atabwera onse sangadzaze tchalitchi chathu. Koma sachoka, ndipo amamvera mpaka kumapeto. Akapempha nyimbo imene malemu sanajambulidwe, ndimavala chitenje chabwino, kukhala pampando wawo n'kuimba ndine. Zaka zonse zija ndinkavomera kumbuyo kwawo, sindinadziwe kuti zonse ndinazisunga pamtima.

Alamu aja nawo analowa m'gululo, mwakachetechete. Ndinadziwira pamaliro ena ku Mtenguleni, nditawamva akuyamba okha ndime yachiwiri, mokoka ngati akulu awo. Ndinavomera.