Fomu Imene Ndinadzaza kwa Adada

Adada anali telala ku Ching'ambo mu Mzuzu. Kuseri kwa nyumba yathu kunali chipinda cha makina asanu, ndipo ankasoka ndi azimayi anayi. Nsalu sizinali zathu. Zinkachokera ku Mbeya kwa mayi wina wamalonda, zodulidwa kale, pamodzi ndi ulusi, mabatani ndi tinsalu ta pakolala tolembedwa dzina la shopu yake. Adada ankasoka malaya a ana asukulu, kuwasita, kuwamanga m'mabelo, ndipo mabelowo ankabwerera kwa mwini wake kudzera pa chipata cha m'malire cha Songwe. Ndinakulira m'fungo la nsalu yatsopano ndi makala a m'simbi. Chipinda chimenecho ndicho chinandiphunzitsa sekondale ku Katoto.

Nditamaliza maphunziro ndinalembedwa ntchito ya kalembera wa zamalonda ku ofesi ya boma yoona za ziwerengero. Potiphunzitsa anatiuza kuti katundu wotere amasokoneza ziwerengero za dziko. Polowa amaoneka ngati tagula, potuluka ngati tagulitsa, chonsecho mwini wake ndi mmodzi yemweyo. Chathu chenicheni ndi ntchito ya manja basi, ndipo imeneyo sinkalembedwa paliponse. Pomwepo ndinaganiza za adada. Ndinkafuna kuti thukuta lawo lioneke.

Nditawapempha kuti ndilembe ntchito yawo pa fomu ya kuntchito kwathu, anakana kawiri. Ankati mayi wa ku Mbeya sagwirizana ndi mapepala. Ine ndinawatsimikizira kuti fomu yathu sipita kwa a msonkho, kuti mayina sasindikizidwa, ndipo sindinkanama. Kachitatu anavula magalasi, n'kupukuta m'maso.

"Chabwino mwana wanga, lemba. N'zimene unapitira kusukulu."

Ndinakhala pa benchi pakati pa makina, khadi la kuntchito lili pachifuwa. Ndinawafunsa kuti nsalu ndi za yani, zimalowera chipata chiti, zimakhala masiku angati zisanabwerere. Ankayankha mosamala ngati ali m'kalasi. Tili mkati, dalaivala wonyamula mabelo anafika. Anayang'ana khadi langa, anayang'ana fomu, anapereka moni mwachidule, n'kukweza katundu osakhala pansi n'komwe.

Mwezi wotsatira nsalu sizinabwere. Adada ataimba foni, mayi uja anawauza mwaulemu kuti wamva zoti aboma ayamba kulemba, ndipo wapeza atelala ena kwawo konko. Ndinamuimbira ndekha masiku angapo kuti ndimufotokozere. Sanayankhe.

Azimayi aja anachoka mmodzimmodzi. Wina wa ku Masasa, amene anandisokera diresi langa loyamba la kwaya, ndimakumana naye mumsika akugulitsa nthochi. Amandipatsa moni maso ali pa nthochizo. Adada anagulitsa makina anayi, otsalawo anawaika pakhonde, n'kumachepetsa zovala za pakaunjika. Sanandidzudzule ngakhale tsiku limodzi. Ndikawatengera kashuga Loweruka ankalandira ndi manja awiri n'kunena kuti yewo chomene, monga mmene ankathokozera alendo. Bola akanandikalipira.

Anamwalira nyengo ya mvula, chaka chachiwiri chisanathe. Lipoti linatuluka titachotsa kale zakuda. Ndinalitsegula ku ofesi, n'kufufuza tsamba la ntchito zopangira eni katundu akunja. Pa Mzuzu panalibe nambala, panali kamzere chabe. Pansi pake analemba kuti oyankha anali ochepa kwambiri, ndipo kuwasonyeza kukanawaulula.

Ndinatseka kompyuta n'kupempha kuti ndiweruke msanga. Ndinayenda wapansi mpaka ku Ching'ambo, mvula yamawawa ikugwa, ndipo amama sindinawauze kanthu.