Tsache la Azakhali ku Greenwich

Tinanyamuka ku Croydon Loweruka m'mawa, ine ndi azakhali anga aNaphiri, titanyamula tsache. Tsache lenileni la udzu, lalifupi lija losesera utawerama, limene anabwera nalo m'sutikesi kuchokera ku Chegutu, ku Zimbabwe kumene ankakhala. Ndinawachonderera kuti tilikulunge m'pepala. Anakana, akuti tsache si katundu wakuba.

Azakhaliwa anali atakhala nane miyezi ingapo, ndipo Lolemba lake ankabwerera ku Zimbabwe. Bambo awo anatengedwa ku Dedza kupita kunkhondo ya ku Burma iwo ali m'mimba, osabwerakonso. Mtembo ayi, manda ayi. Chaka ndi chaka anzawo akamapita kukasesa manda a makolo, iwo ankangokhala pakhomo. Ndiye atamva kutchalitchi kuti ku Greenwich kuli chipilala cha mkulu wa asilikali amene anafera kunkhondo, anandigwira dzanja.

"Iwe Esinati, ndisanakwere ndege ukandionetse malowo. Ndikasese pa bambo anga."

Ine ndinali nditafunsa kale anzanga kunyumba ya okalamba kumene ndinkagwira ntchito. Mkulu wa asilikaliyo anafera ku Canada kalekale, agogo a agogo athu asanabadwe. Ku Burma sanapondeko. Koma ndikanayambira pati kuwauza? Ndinangogula matikiti awiri a tsiku lonse.

Tinakwera tiramu, sitima yamagetsi yoyenda mumsewu, mpaka Elmers End. Masiku amenewo matiramu anali adakali achilendo, ndipo azakhali anaiyang'ana m'munsi ndi m'mwamba, n'kunena kuti chinthuchi chinalephera kusankha kukhala basi kapena sitima. Pa Elmers End tinakwera sitima ya ku Lewisham, iwo atafungatira tsache lawo pamiyendo ngati khanda.

Ku Lewisham, cha m'ma leveni, tinasinthira kasitima kena kopanda dalaivala. Ine mwadala ndinawakhazika kutsogolo kwenikweni. Katangonyamuka anasuzumira uku ndi uku.

"Woyendetsa ali kuti?"

"Palibe, azakhali. Kamayenda kokha."

Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kugwiritsa chitsulo. Mayi wina wa ku Lusaka amene anakhala pambali pathu anaseka mpaka misozi, kenako analoza tsache lija n'kufunsa m'Chinyanja chake cha m'tauni: "Nanga imwe amai, muyenda kuti na chipyango?"

"Kumanda," anayankha azakhali.

"Ku Greenwich kuli manda? Ine niziba chabe bantu bojambula zithunzi."

Azakhali anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pawindo.

Titatsika ku Greenwich ndinawagulira tchipisi cha viniga, poti ndinkafuna kuchedwetsa nthawi. Analawa kamodzi n'kufunsa ngati mbatatayo inasasa dzulo kapena dzana. Anatulutsa mtedza wawo wokazinga m'chikwama, tinadya tikuyenda. Phiri la m'paki mmene muli chipilalacho ndi laling'ono poliona, koma kukwera kwake n'kotopetsa kwambiri. Ine ndinafika pamwamba ndili wefuwefu, iwo atandisiya kumbuyo, ndi zaka zawo zonsezo.

Chipilalacho chili pamwamba penipeni. Mzungu wachitsulo wavala chikhoti chachitali ndi chipewa cha makona, waima pamwala waukulu, akuyang'ana mtsinje ndi mzinda wonse. M'munsi mwake munali anthu piringupiringu. Ena atakhala pamasitepe akudya masangweji, mtsikana wina atatsamira mwalawo akujambulitsa.

"Amadyera pamanda?" azakhali ananong'ona.

Sanakalipe. Anavula nsapato, anamanga bwino chitenje pamwamba pa jasi, anagwada n'kuomba m'manja katatu mwakachetechete. Kenako anayamba kusesa. Masamba ouma, zotsalira za ndudu, timapepala ta maswiti. Odya masangweji aja anayamba kunyamuka okha mmodzimmodzi, wina mpaka anatola chitini chake n'kupepesa. Ine manyazi anali atandigwira poyamba, koma posakhalitsa ndinapezeka nditagwira thumba lotayiramo zinyalalazo.

Bambo wina wokalamba amene anali ndi galu anaima n'kumationerera. Anandifunsa m'Chingerezi ngati amayiwa analembedwa ntchito ndi a paki. Nditamufotokozera anavula chipewa. Anatiitanira kuseri kwa mwala n'kutionetsa timaenje tokumbikakumbika. Anati ndi zipsera za bomba limene linagwa pafupi pa nthawi ya nkhondo yachiwiri, yomweyo imene inatenga bambo a azakhali. Nditamasulira, azakhali analowetsa chala m'kadzenje kamodzi.

Apo m'pamene ndinalephera kupirira.

"Azakhali, ndikuuzeni zoona. Munthuyu sanapite ku Burma. Anafa kale kwambiri, kudziko lina. Ndipo pano si pamanda ake."

Ndinkayembekeza misozi. Iwo anangopitiriza kukutumula tsache lawo.

"Mwanawe, ukuyesa ndine wakhungu? Chipewa chimenechi si cha nthawi ya bambo anga. Ndinaona tikadali m'munsi muja."

"Nanga mwaseseranji?"

"Kwathu ukamafuna munthu wako pamudzi wachilendo, suyamba kugogoda nyumba ndi nyumba. Umafikira kwa mkulu, n'kutchula dzina. Uyu ndi mkulu wa asilikali, nayenso anafera kutali ndi amake. Ndamusesera pakhomo, ndamuuza kuti ndikufuna a Yohane Phiri a ku Dedza. Akawapeza."

Ndinalira ine, osati iwo. Anandipukuta ndi nsonga ya chitenje anthu onse aja akuona, ngati ndili ndi zaka zisanu.

Pobwerera anakana kasitima kopanda dalaivala, tinachita kukwera basi mpaka ku Lewisham. Tinafika ku Croydon dzuwa likulowa. Pakhomo anaimika tsache lija kuseri kwa chitseko changa.

"Ili latsala. Chaka chamawa masamba akayamba kugwa, upite. Ine kuno sindidzabweranso."

Ndinapita nawo ulendo umenewu ndikuganiza kuti ndikuwabisira zinthu, osadziwa kuti iwo ndiwo ankanditengera kokandionetsa ntchito yanga. Kuyambira pamenepo ndimapita chaka chilichonse, ndipo tsachelo lafupika ndithu. Ndimavula nsapato, ndimaomba m'manja, ndimasesa, kenako ndimatchula dzina kwa mkulu uja. Chaka chino, azakhali atatisiya, ndinatchula mayina awiri.