Kolera Wakufa M'kabotolo

Ine ndimaimba, anthu inu. Popalira ndimaimba, pokumba mbatatesi ndimaimba. Koma chaka chimene kolera anabwera ndi mvula, nyimbo inandiuma pakhosi, chifukwa m'nyumba ndinali ndi mdzukulu wa zaka zinayi, amake ali ku Tete kogulitsa nsalu. Mwana wosiyiridwa, ee, amalemera kuposa wako.

Inafika galimoto yoyera pa shikola, pasukulu pathu paja, ati vasina wa kolera. Ndinabereka mwana, ulendo. Katemera ndimamudziwa ine, wa ku Dedza uja tili othawa nkhondo: singano, kulira, chipsera paphewa mpaka lero. Uyu ayi. Timabotolo tonga chala, timadzi totuwa, ati ingomwani.

Nditafika kutsogolo ndinafunsa enifelemera, namwino wa kuchipatala, mtsikana wofanana ndi chitsiriza wanga.

"Mwanawe, m'menemo mwathiramo chiyani?"

"Tizilombo ta kolera tomweto, agogo, koma takufa. Mimba ikationa imatizindikira. Tsiku lobwera tamoyo, tipeza yakonzeka kale."

Ha! Ananena yekha, pakamwa pake, osaphethira. Kolera m'botolo!

"Takufa? Nyemba youma nayonso imaoneka yakufa. Ikakhudza madzi imatani?"

Amayi a pamzere anaseka, koma ndinaona ena akusuntha chammbuyo.

"Kwathu kuno wopereka mowa amayamba walawa," ndinatero. "Wopereka mankhwala amayamba walawa. Lawani tione."

"Ndinamwa kale sabata yatha, agogo."

"Anakuonani ndani?"

"Anzangawa."

"Anzanuwo si a galimoto yomweyi?"

Anapumira m'mwamba, nati akamalawira gogo aliyense wofuna umboni adzaphulika mimba. Ndiye ndinati ndipatseni ineyo, ndikafa ndafa, mano anatha kale. Ndinamwa. Kamcheremchere, kosakoma. Mwana ndinabwerera naye osamwa. Enifelemera anandikuwira kumbuyo kuti mawa akupita ku Domwe, akakhala masiku atatu, kenako basi.

Tsiku loyamba, zii. Lachiwiri lake ndili m'munda, m'mimba kulukulukulu! Khasu uko. Ndati zamera, mayo ine, zamera! Ndinathamangira kuthengo kamodzi, ndinabwera, ndinakhala pamzere wa mbatatesi kudikira kachiwiri. Ndinawaonapo anthu a kolera kumsasa wa othawa nkhondo kuja, kutha ngati thumba lobooka. Ndinadikira, ndinadikira. Kachiwiri sikanabwere. Mutu kulemera pang'ono, thupi kufunda pang'ono, kwatha.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anabwera kudzandizonda.

"Mukadali moyo, alamu?"

"Ndikadalipo. Mwakhumudwa?"

"Zoterezi zimachedwa. Ati zimatseka mimba ya kubereka. Dikirani mwezi."

"Ine yanga inatsekeka nkhondo isanathe. Ndiona bwanji?"

Tinaseka, koma mawu ake anandikhala. Ndinatsala pang'ono kuwamvera. Masana omwewo kunamveka kulira kutsidya kwa mtsinje umene timatunga. Mwana wa msinkhu wa wangayu, kudwala m'mawa, dzuwa lisanapendeke wapita. Ndinayang'ana mtsuko wathu, ndinayang'ana mwana akusewera ndi zitsononkho. Kolera wakufa uja sindikumukhulupirira, koma wamoyo ali kutsidyaku, ndipo sadikira mwezi.

M'mawa mwake ndinabereka mwana, wapansi mpaka ku Domwe, chitunda kukwera, chitunda kutsika, matope m'mawondo. Ndinawapeza atayamba kulongedza mabokosi.

"Agogo olawa aja!" anatero enifelemera. "Mwabwera nokha kapena ndi mzimu wanu?"

"Usanyade, mwanawe. M'mimba munalira."

"Ndiye kuti mimba yamva."

"Yamva kapena yadandaula?"

Anatola kabotolo. Ndinati ayi, bwezerani. Ndinasankha ndekha ka pakati penipeni pa bokosi, poti ka pamwamba sudziwa anakaikira ndani. Mwana anamwa, anakwinya nkhope, nati, "Agogo, n'zoipa." Ndinamugwira chibwano mpaka anameza. Enifelemera anati madzi tiziwiritsabe, mimba imatenga masiku kuti iphunzire. Ndinati ndiye mankhwala anuwa amafunanso nkhuni zanga?

Sabata yathunthu ndinkamutsata mwanayo kuseri kwa nyumba, kuwerama, kuyang'ana. Tsiku lina anafunda, mtima wanga phaa! Mawa lake anadzuka n'kulirira chimanga chootcha, anatha ziwiri. Pamenepo ndinavina pabwalo ndekha, nkhuku kubalalika.

Amake akaimba foni ndinkangoti ali bwino, akudya. Za kabotolo ndinawauza mvula itatha, atabwera okha, mwana ali pamiyendo pawo akuwavula ndolo.