Njanji Yachitatu

Kum'mwera kwa mtsinje wa Thames, sitima zambiri siziyendera dizilo, ndipo mawaya a magetsi pamwamba pake palibe. Magetsi ake amadutsa pansi, m'njanji yachitatu yoyalidwa m'mbali mwa ziwiri zoyendapo mawilo. Ndinakhala mu London chaka chathunthu ndi miyezi iwiri ndisakudziwa zimenezi. Ndinazidziwa Loweruka lina m'mawa, phazi langa lamanja lili m'malere.

Munali chapakati pa zaka za m'ma 2000. Kwathu ndinali mtolankhani, ndinkalemba nkhani za m'makhoti ku Blantyre. Kuno ndinkasamalira okalamba m'nyumba zawo: kuwasambitsa, kuwaphikira tiyi, kuwamwetsa mankhwala, kulemba m'fayilo zonse zimene ndachita. Ndinkakhala ku Thamesmead, dera lopanda siteshoni, choncho moyo wanga wonse unali wa pabasi. Sitima ndinali nditakwerapo kangapo kokha, ndipo pansi pake sindinayang'anepo.

Mmodzi mwa anthu anga anali bambo wachizungu wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, wamtali, wowonda, amene ankakhala yekha m'kanyumba ka njerwa, mtunda wa mphindi khumi kuchokera pa siteshoni ina yaing'ono. Anali ndi matenda oiwala. Dzina langa sanaligwirepo. Tsiku lililonse ndinkadzitchulanso kuti ndine yani, iwo n'kundigwira chanza mwaulemu ngati ndi koyamba. Mwana wawo wamkazi, amene ankakhala kunja kwa London, anandiuza lamulo limodzi tsiku loyamba lomwe, atandiyang'ana m'maso: bambo ake asatuluke okha, ndipo ku siteshoni asapondeko. Anali atasowapo kale kamodzi, n'kupezeka kumeneko.

Chimene chinkawakokera ku siteshoni chinali m'makatoni a nsapato, pansi pa masitepe. Munali timabuku tambirimbiri todzaza manambala. Ali mnyamata, komanso atakula, ankakaima kumapeto kwa pulatifomu n'kumalemba nambala ya mutu uliwonse wa sitima yamalasha wodutsa. Akabwerera kunyumba ankatsegula kabuku kena kosindikizidwa, kokhala ndi manambala a mitu yonse, n'kudula mzere ndi rula pansi pa nambala imene aiona. Ndinawafunsa kuti munthu akamaliza kabuku konse ankalandira chiyani.

"Palibe," anatero. "Umangodziwa kuti unaiona."

Anzanga a kutchalitchi ku Peckham ndikawafotokozera ankaseka mpaka misozi, amvekere azungu akhuta. Ine sindinkaseka kwenikweni. Kulemba chimene waona, malo ake ndi nthawi yake, ndiyo inali ntchito yanga kwa zaka zambiri.

Chakudya cham'mawa ankachiiwala mbale idakali patsogolo pawo, koma za zaka zomaliza za malasha, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ankazifotokoza mosaphonya. Ankati mitu ija panthawiyo inali yakuda bii, yosatsukidwa, ikudontha madzi m'mapaipi. Ina zitsulo zake za mayina zinali zitazulidwa, nambala n'kulembedwa ndi choko. Ankaithamangira Loweruka lililonse chifukwa mutu umene wauona lero, mawa ukanamva kuti audula zidutswa. Akafika pamenepo ankayang'ana pawindo.

Loweruka limenelo ndinatsika basi nthawi ya 10:14, nditachedwa ndi mphindi khumi ndi zinayi. Chitseko cha kumaso chinali chotsegula. Ndinaitana kawiri. Ndinayang'ana m'bafa, kuchipinda, kuseri kwa nyumba. Jekete lawo lalitali pakhoma panalibe, nsapato zawo zapanyumba zinali zitaikidwa bwinobwino pambali pa chitseko. Patebulo panali magazini ya za sitima imene inkabwera mwezi ndi mwezi, yotsegulidwa. Sitima zochepa zamalasha zinasungidwa, ndipo nthawi zina zimatulutsidwa kunyamula anthu okayenda. Patsambalo panali ndandanda wa masiteshoni amene ina mwa izo idutse tsiku limenelo. Pansi pa dzina la siteshoni yathu panali mzere wowongoka wa rula, ndi nthawi: 10:41.

Wotchi ya kukhitchini inkati 10:22.

Ndinaimbira ku ofesi, foni inangoitana. Mwana wawo sindinamuimbire. Ndinkaopa mawu ake, ndipo ndinadziuza kuti ndiwapeza kaye. Ndinatseka chitseko n'kuyamba kuthamanga, ndili m'yunifolomu ndi nsapato zakuda za kuntchito. Njira yonse ndinkangoyang'ana pansi m'mbali mwa msewu, kuopa kuona jekete lija litagona penapake.

Ndinafika pa siteshoni 10:30. Sindinaionepo yodzaza chotero. Paliponse panali amuna a imvi, a majekete ofanana, makamera m'khosi, ena atabwera ndi timakwerero tachitsulo. Mlatho wa oyenda pansi wolumikiza mapulatifomu awiriwo unali utadzaza thothotho kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndinayenda pulatifomu yonse ndikusuzumira nkhope iliyonse. Onse ankafanana nawo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali iwo.

Ndinawaona nditafika kumapeto. Anali tsidya lina. Kumeneko pulatifomu imatsetsereka mpaka kufika pa miyala ya njanji, ndipo pali chikwangwani choletsa anthu kupitirira. Iwo anali atachipitirira, n'kutsika, n'kuima pamiyala penipeni, kabuku kudzanja lamanzere, pensulo kudzanja lamanja. Pakati pa iwo ndi njanji panali mwina sitepe imodzi yaikulu. Amuna a makamera anali atatembenukira kumene sitima ichokere. Palibe amene ankayang'ana pansi.

Ndinakuwa kuti bambo. Sanacheuke. Ndinakodola mwamuna wina wa chipewa amene anali pafupi nane.

"Chonde, bambo ali apowo ndi odwala. Athandizeni!"

Anandiyankha diso lili pakamera. "Mayi, mwandiimira kutsogolo. Sunthani pang'ono."

Ndinayang'ana mlatho uja. Kubwerera, kukwera, kudzipanikiza pakati pa anthu onsewo, kutsika, kuthamanga pulatifomu ina yonse: mphindi zisanu kapena kuposa. Wotchi ya pa siteshoni inkati 10:37. Ndinayang'ana njanji. Kuchokera pamene ndinaima kukafika pamene anali, panali masitepe osapitirira khumi.

Ine ndinakulira ku Limbe, kuseri kwa njanji. Kwa ife njanji inali njira. Tinkadutsamo popita kusukulu, amayi ankadutsamo atasenza mitolo, mbuzi zinkagonamo. Lamulo linali limodzi: yang'ana uku, yang'ana uko, tchera khutu, oloka. Ndipo tinkaoloka mwanjira yathu. Miyala ya m'njanji imabaya mapazi ndi kudya nsapato, ndiye tinkaponda pamwamba pa zitsulo, kudumpha kuchoka pa china kupita pa china. Thupi langa linkadziwa zimenezi kuposa mutu wanga.

Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko. Kunalibe kanthu. Ndinatsika motsetsereka muja. Ndinaponda chitsulo choyamba ndi phazi lamanja, chachiwiri ndi lamanzere. Patsogolo panga panali china, chotalikirapo pang'ono kuchoka pansi, chakuda m'mbali, chokhala pa timiphika tadothi toyera. Ndimakumbukira kuti ndinaganiza kuti ichi n'chabwino, n'chokwera, ndipondapo n'kudumpha. Ndinanyamula phazi.

"Ima!"

Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo mwa bambo aja. Anali aakulu, a munthu wamphamvu zake. Ndinaima mwendo umodzi ngati kakowa.

"Usatsitse phazi limenelo. Libweze kumbuyo. Kumbuyo, mwana iwe! Eya. Liike pathabwa. Osati pachitsulo, pathabwa."

Ndinachita zimene ananena. Anali akundiloza ndi pensulo.

"Chimenecho chili ndi moto. Ndipo kuseri kwake kuli chinzake. Anakulera ndani iwe, wosakuuza zimenezi? Tembenuka pang'onopang'ono. Siketi yakoyo igwire. Zitsulo uzizilumpha, usazipondenso."

Pamenepo m'pamene pulatifomu yonse inationa. Anthu anayamba kukuwa, aliyense zake. Ndinatembenuka, ndinalumpha chitsulo chimodzi, ndinalumpha chinzake, kenako manja a anthu awiri anandikoka m'mikono n'kundikweza pamotsetsereka paja. Mmodzi anali wa chipewa uja, kamera ikulendewera. Nkhope yake inali itayera ngati pepala.

Ndinatembenuka n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti bambo, kwerani, bwererani kumtunda. Koma iwo anali atandiiwala kale. Anali atapendeketsa mutu, akumvetsera. Kenako nanenso ndinamva: kulira kwakutali, kosongoka, ndi kupuma kwamphamvu ngati kwa chinyama chothamanga. Zitsulo zinayamba kuimba pansi. Sitima inkabwera panjanji ya mbali yawo.

Ndinaona mwamuna wina wonenepa tsidya lija akuika kamera pansi n'kuyamba kutsika. Sindinaone ngati anafika. Mutu wa sitima unatulukira pansi pa mlatho wa msewu, wobiriwira, waukulu kuposa mmene ndinkaganizira, utsi ukutuluka ngati nyumba ikupsa. Mphindi yomweyo nthunzi yoyera inaphimba malo onse amene anaima. Jekete lija linasowa.

Ndinawerenga mabogi. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinawerenga. Analipo khumi ndi limodzi. M'mawindo munali anthu atakhala pamatebulo a nsalu zoyera, ena akutibayibitsa. Pakati pa bogi ndi bogi pankaoneka kampata, ndipo kampata kalikonse ndinkayang'anamo, osaona kanthu koma utsi. Ndinkayembekeza kumva mabuleki. Ndinkadziwa kuti mabuleki akalira ndiye kuti zachitika. Ndinkaganiza za mwana wawo uja, ndi chiganizo choyamba chimene ndidzamuuze. Fungo la malasha linandilowa kukhosi, tinyenyeswa takuda tikugwera pamalaya anga.

Bogi lomaliza linadutsa. Mabuleki sanalire. Utsi unatenga nthawi kuti uyere.

Bambo aja anali chiimire pomwe paja, atangobwerera m'mbuyo pang'ono, mwamuna wonenepa uja atawakumbatira m'chiuno chakumbuyo ngati wagwira mwana. Iwo sankalimbana naye. Anali atatsamiritsa kabuku padzanja, akulemba.

Ndinakhala pansi pa simenti, pamaso pa anthu onsewo.

Wogwira ntchito pa siteshoni anabwera akuthamanga, wayilesi ili m'manja. Anandikalipira, ndipo anali ndi chifukwa. Anandiuza kuti m'chitsulo chija mumadutsa magetsi a mphamvu ya mavolti 750, kuti sichizimitsidwa ngakhale sitima kulibe, ndiponso kuti sichimutaya munthu, chimamugwira. Analemba dzina langa ndi la kampani yathu. Ndinkangoti inde bwana, pepani bwana. Anandiperekeza kuwoloka mlatho, umene tsopano unali wopanda munthu.

Bambo aja anandigwira chanza mwaulemu.

"Munaiona?" anandifunsa. "Mwachedwa pang'ono inu. Kunali mtsikana wina wopusa amafuna kuponda njanji yamoto."

"Ndamva, bambo. Tiyeni kunyumba."

Tinayenda pang'onopang'ono, ine nditawagwira mkono ndi manja onse awiri. Galimoto iliyonse yodutsa inkandidzidzimutsa. Nditawakhazika pampando ndi kuwapatsa mankhwala, ndinatsegula fayilo. Ndikanatha kulemba kuti tinapita kokayenda. Iwo sakanatsutsa, pofika masana anali ataiwala zonse. Koma sitima ina yamalasha ikanadutsanso mwezi wotsatira, ndipo mwina ine ndikanadzachedwanso. Ndinalemba zonse, nthawi ndi nthawi, kuyambira 10:14, pamodzi ndi kuchedwa kwanga ndi kutsika kwanga m'njanji. Kenako ndinaimbira mwana wawo.

Sanandikalipire. Anangofunsa ngati bambo ake adya.

Ku ofesi anandipatsa kalata ya chenjezo. Patatha milungu itatu, bambo aja anasamutsidwira ku nyumba yosungirako okalamba pafupi ndi mwana wawo, ya zitseko zotsegula ndi manambala achinsinsi. Tsiku lonyamuka ndine ndinawaveka jekete. Anandifunsa ngati tikupita kutali. Ndinati inde. Anandifunsa ngati ndibwera nawo. Ndinati ayi, ine ndili ndi anthu ena oti ndiwaone lero. Anagwedeza mutu, anandithokoza chifukwa chobwera kudzawachezera, n'kulowa m'galimoto.