Anabwera atavala majekete kudzafuna kope

Ndinadzuka tambala asanalire. Amayi amene anachezera pa siwa anali atagona moyedzamirana, ndipo panja chiperoni chinali chitakuta minda yonse ya tiyi. Ndinapapasa m'chiuno kuti ndimve ngati kope lija linalipobe. Ndinali nditalimanga pansi pa nsalu tsiku lomwe amuna anga anatsirizika.

Amuna anga ankagwira ntchito m'nyumba yofotetsera tiyi. Sukulu ya mishoni anangoilawa, koma m'kope limeneli analembamo ulendo wa makolo athu kuchokera kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, ndi mayina a onse amene anatsala m'njira. Lamulungu masana ankawerengera anthu a m'malaini, nyumba za antchito, pansi pa mtengo wa mbawa. Othyola tiyi ankamvetsera, ndipo wina akamva dzina la mbale wake ankati awerengenso.

Makalaliki ndi aphunzitsi anali ndi msonkhano wawo kusukulu, kumene ankawerengerana zolemba zawo. Amuna anga anapitako kamodzi. Anawakhazika pakhonde, ndipo wina anawauza kuti Mnguru alembe chiyani. Anabwerako n'kugona osadya.

Tsiku la malirolo kutacha, moto unayaka kuseri kwa nyumba. Amayi anabweretsa chinangwa ndi nandolo, aliyense kambale kake. Mzungu wa ku esiteti analola theka la tsiku basi, choncho anthu ankafika ndi madengu kumsana, ali chinyowere. Bokosi analikhoma anzawo a kuntchito ndi matabwa a mabokosi a tiyi. Olira ena anachokera ku Masambanjati wapansi.

A kumsonkhano aja anafika atatu, dzuwa litakwera, atavala majekete ndi nsapato. Anaima mpaka anawapezera mipando. Wamkulu wawo anali mphunzitsi amene kabuku kake kamodzi kanasindikizidwa ku mishoni, ndipo ankayenda nako m'thumba ngati mankhwala. Anthu akulira, iye ankafotokozera anzake mokweza mmene kulemba kumawawira, kuti mutu umatentha, kuti palafini amamuthera. Anzakewo ankamufunsa nthawi imene nzeru zimamufikira. Ine ndinkamva zonse ndili m'nyumba, pafupi ndi mtembo.

Kenaka mphunzitsiyo anawerama pakhomo.

"Mayi, pepani. Malemuwa anali mnzathu wa cholembera. Tamva kuti asiya kope. Mutipatse tikalikonze Chinyanja chake, tichotsemo Chinguru, mwina lingaoneke."

Sindinamuyankhe. Namfedwa sayankha alendo mtembo usanatuluke, ndipo tsiku limenelo mwambowo unandithandiza.

Tinanyamuka mvula yamawawa ikugwa. Njira ya kumanda imadutsa m'mizere ya tiyi, ndipo dothi lofiira linali loterera. Amuna ankalandirana bokosi, ngakhale okalamba anaikapo phewa. Atatu aja anali kumbuyo, akusankha popondera.

Kumanda, mkulu wa mpingo atatha kupemphera, mphunzitsi anatulutsa pepala. Palibe anamupempha. Anawerenga zimene analemba yekha, za nyali yozima ndi za mtengo wogwa, n'kumaima kuti ayang'ane ngati anthu akugoma. Dzina la amuna anga analitchula kamodzi, lake kanayi. Mudzi wathu wa kutsidya sanautchule, poti sankaudziwa. Belu la ku esiteti linali pafupi kulira, ndipo kumanda olamula ndi adzukulu. Wamkulu wa adzukuluwo anayang'ana kumwamba, n'kutola khasu.

"Aphunzitsi, zotsalazo mukawerengere akazi anu. Ife dothi likutinyowera."

Anayamba kukwirira. Mawu a mphunzitsi anamira m'phokoso la makasu, koma anawerengabe mpaka pepala linanyowa.

Pobwerera, titasamba m'manja, mphunzitsi uja anandipezanso. Tsopano ndinali womasuka kulankhula.

"Nanga kope lija, mayi?"

"Lapita ndi mwini wake. Tinawatsamiritsa kumutu."

Anagwira pakamwa, n'kuuza anzake kuti umu ndi mmene umbuli umakwiririra chuma. Koma nkhope yake sinali ya munthu wotaya kanthu. Anadya chinangwa, anapukuta nsapato ndi masamba a nthochi, n'kumapita. Ndinanama tsiku loika amuna anga, ndipo mpaka lero sindinalape.

Madzulo anthu anabalalika. M'nyumba munatsala ine ndi alamu anga aakazi, mchemwali wa malemu, amene sanapondeko kusukulu. Moto unali utazilala. Ndinamasula nsalu n'kutulutsa kope, litafunda ndi thupi langa. Ine sukulu ndinalekera kalasi yoyamba, ndimawerenga ndi chala, chilembo chimodzichimodzi. Ndinakhala pakhomo pamene panali kuwala pang'ono. Mizere itatu inanditengera mpaka dzuwa kulowa, ndipo ndinaphonya mawu ambiri. Nditatopa ndinatseka.

Alamu anga anasendera pafupi.

"Musatseke, alamu. Sitinawoloke n'komwe mtsinje."

Ndinakoleza moto, n'kutsekulanso.